Inveta Yanga Yolira Usiku

Kwa zaka zingapo tsopano ndakhala mlembi wa kagulu ka amisiri a zamagetsi a pa boma la Dedza ndi madera ozungulira, ndipo ndikupempha aliyense amene anamva mbiri yanga kuchokera kwa amayi a pamjigo kuti ayambe wamva mbali yanga asanagamule mlandu. M'kagulu kathu muli okonza mafoni, oika sola m'nyumba za anthu, anyamata awiri odziwa makompyuta, komanso madala ena amene akhala akukonza mawailesi kuyambira nthawi ya mawailesi a Nzeru. Timakumana Loweruka loyamba la mwezi m'chipinda cha kuseri kwa sitolo ina, ndipo ena mwa ife amachokera ku Lizulu, ku Linthipe, ku Bembeke ndi ku Chimbiya, kutanthauza kuti munthu amatseka benchi yake theka la tsiku n'kulipiranso minibasi kuti adzatole nzeru kwa anzake.

Poyamba nzeruzo zinkatoledwadi. Mnzathu wa ku Lizulu ndiye anatifotokozera chifukwa chimene makasitomala ake ankabweretsera mafoni abwinobwino akunena kuti awonongeka. Kumeneko msewu wa M1 ndiwo malire a Malawi ndi Mozambique, kotero foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira yokha netiweki imatha kugwira ya tsidya lina, mwini wake n'kumalephera kuimba kapena kutumiza ndalama ali chiimire m'dziko lake lomwe. Mankhwala ake ndi kusankha ndi dzanja netiweki ya kuno, ntchito yosafika mphindi ziwiri, pamene ena mwa ife tikanamasula foni yonse n'kuyamba kusintha zipangizo zosalakwa. Nzeru yotere ndiyo imabweza ndalama ya minibasi.

Koma nkhani ya malire ija inabala nkhani ya mtengo wa feteleza wa tsidya lina, ya feteleza inabala ya kachewere, ndipo kachewere anatifikitsa, sindikudziwa kudzera njira iti, pa mkangano wa Bullets ndi Wanderers. Mwezi wotsatira wina anafunsa mankhwala a msana, wina anafuna kudziwa ngati nkhoswe ili ndi ufulu wokana kupita ku mlandu wa banja, ndipo mnyamata wa ku Linthipe amene anabwera ndi foni yosalowa moto anabwerera nayo kwawo osayankhidwa, dzuwa litapendeka kale. Ine monga mlembi ndinkachita manyazi polemba zokambirana, chifukwa munthu wowerenga buku lathu akanaganiza kuti ndi la kalabu ya alimi yokonda mpira.

Ndinabweretsa tsono ganizo loti aliyense wofunsa funso la kunja kwa mutu aziponya K1,000 m'kachitini, ndipo pofuna kuti chilungamo chizimveka ndi makutu, ndinamasula belu la njinga n'kulikhomera pa kathabwa. Msungichuma wathu, mayi amene amakonza mafoni pafupi ndi depoti, anatsutsa mwamphamvu. Iwo anati anthu amabweranso mwezi ndi mwezi chifukwa cha macheza omwewo, kuti munthu sauza zofooka zake za pa ntchito kwa anthu amene sadziwa ngakhale dzina la mudzi wake, ndiponso kuti anyamata ongoyamba kumene adzachita mantha kufunsa ngakhale mafunso oyenera poopa belu. Ine ndinayankha kuti malo ochezera m'boma lino ndi ambiri, pali pa bawo, pa chiwaya, pa siwa ndi m'minibasi, koma malo amene munthu angafunse za kontirola ya sola, kachipangizo kowongolera moto wolowa m'batire, n'kupeza womumvetsa ndi amodzi okha, ndipo tikawadzaza ndi kachewere sitidzapeza ena. Mpaka lero ndikuona kuti ndinalankhula bwino. Ganizo langa linapambana, ndipo belu linaperekedwa m'manja mwanga.

Ndinaligwiritsa ntchito mosakondera. Ndinalipiritsa ngakhale wapampando pamene anafunsa ngati ku Bembeke kunagwa mvula, ngakhale kuti anayesa kudziteteza kuti mitambo imakhudza sola. Misonkhano inafupika, buku linayera, ndipo kachitini kanayamba kulemera.

Tsopano ndifotokoze za magetsi a kunyumba kwanga, amene ndinaika ndekha ndipo ndinkawanyadira pamaso pa makasitomala. Padenga pali panelo ya ma watts 200 yoyang'ana kumpoto, monga kuyenera kwa ife okhala kummwera kwa equator, ndipo m'nyumba muli kontirola, batire la ma volts 12 la 100Ah, ndi inveta yosandutsa magetsi a batirewo kukhala a ma volts 230 ofanana ndi a m'masoketi a ESCOM. Batire lotere limasunga pafupifupi ma watt-hours 1,200, koma mmisiri aliyense amadziwa kuti batire la asidi likamatsitsidwa kupitirira theka tsiku ndi tsiku silikhalitsa, kotero gawo lodya mwamtendere ndi 600 lokha. Ine ndinawerengera mababu anayi a LED a ma watts 5 lililonse, wailesi yakanema ya nthawi ya nkhani, ndi mafoni a pabanja, ndipo zonse pamodzi sizinkafika ngakhale 300. Magetsi ankafika m'mawa osatsokomola.

M'mwezi wa June, mwana wathu wamng'ono atabadwa, apongozi anga anakwera Khwekhwelere kuchokera kwawo ku Golomoti kudzatithandiza. Tinawakonzera chipinda cha kuseri chimene chili ndi khomo lakelake lotulukira panja, ndipo ine, pofuna kuonetsa kuti mwana wawo anakwatiwa ndi munthu wa luso, ndinawakokera waya n'kuwaikira soketi kuti azitchajira foni osavutika. Khoma la chipinda chimenecho ndilo khoma lomwe inveta yanga yatsamira mbali inayi. Kwathu kuno mkamwini salowa m'chipinda cha apongozi, sawayang'ana m'maso, ndipo akakhala ndi mawu amadutsitsa mwa mkazi wake. Ine mwambo umenewu ndimausunga bwino kwambiri, mwina kuposa mmene ndimasungira Sabata. Kuyambira tsiku limene ndinamanga sikuluwu yomaliza ya soketi ija, chipindacho chinakhala dziko lina.

Chakumapeto kwa mweziwo magetsi anayamba kutha pakati pa usiku. Cha m'ma 1 koloko inveta inkayamba kulira kulira kwake kochenjeza kuti batire latsika, kenaka n'kuzima, chifukwa inveta zambiri zimadzidula zokha mphamvu ikatsika kufika cha m'ma volts 10.5. Zimenezo sizinandidabwitse kwambiri, poti June ndi July ku Dedza ndi miyezi ya nkhungu, panelo imadya pang'ono, ndipo batire la asidi limafooka kukazizira. Tauni yathu ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, ndipo kuzizira kwake sikufuna mboni. Chimene chinandiimitsa mutu n'chakuti inveta ikazima, kulira kunkapitirira. Kunkangosintha mawu, kukhala kulira kwa tinthu tambiri tosongoka mawu, kochokera ngati mkati mwa khoma. Ndinazimitsa switch, ndinachotsa waya wa batire, ndinafika poinyamula inveta ija n'kukaiika pa tebulo, koma khoma linkalirabe.

Masana ndinkayeza chilichonse ndi mita yanga ndipo chilichonse chinkaoneka cholongosoka. Ndinatsuka panelo, ndinathira madzi a batire, ndinamangitsa mawaya onse, ndipo pomaliza ndinagula kontirola yatsopano imene sinasinthe kanthu kupatula kulemera kwa thumba langa. Alipo amene anandifunsa pambuyo pake chifukwa chimene sindinayezere usiku, nthawi imene vuto linkachitika, ndipo anthu ofunsa zimenezi ndi amene sanatulukepo m'bulangete ku Dedza mu June. Madzulo ena ndili chogwada pa batire, mayi a ana anabwera nati, "Bambo, ndimati ndikuuzeni za amayi." Ine osatembenuka ndinayankha kuti nkhani za amayi zidikire kaye, chifukwa ndinali pa nkhani ya magetsi.

Loweruka loyamba la July ndinaika vutoli pa ndondomeko ya zokambirana, ndipo ndinalifotokoza mwadongosolo, ndi manambala ake onse. Mayankho oyamba anali a anthu odziwa ntchito. Wina anati mwina batire lagwira mchere woyera uja umene umamera pa mapuleti likamagona lopanda moto. Wina anati ndione ngati mawaya ochokera padenga si oonda kwambiri moti mphamvu ikuthera m'njira. Pa za kulira, mmodzi wa anyamata a makompyuta anati ma capacitor amasunga moto pang'ono chipangizo chikazimitsidwa, koma anavomereza yekha kuti moto wotero umatha m'masekondi, sungaimbe nyimbo mpaka tambala woyamba. Tili pomwepo madala a mawailesi, amene nthawi yonseyi anali chete akusisita chibwano, anakweza dzanja.

"A mlembi," anatero, "kodi kunyumba kwanu kwabwera mlendo?"

Ndinaliza belu. Madalawo sanatsutse, anapisa m'thumba la jekete, anaponya K1,000 m'kachitini, ndipo asanakhale pansi anafunsanso kuti, "Nanga mlendoyo amaweta nkhuku?"

Ndinalizanso belu, ulendo uno mwamphamvu, pakuti kufunsa za alendo kunali kale kulowerera za m'banja mwanga, koma kufika pa nkhuku kunali kunyoza msonkhano wonse. Anaponya K1,000 ina, anati, "Safunsa anadya phula," n'kukhala pansi. M'buku ndinalemba kuti madala a mawailesi anafunsa mafunso awiri a kunja kwa mutu ndipo analipira mokhulupirika.

Ganizo limene linandigwira mtima linachokera kwa mnyamata wa ku Chimbiya, amene anati anaonapo nyumba ina kumene woyandikana naye analumikiza kawaya mobisa n'kumadya nawo magetsi usiku. Ili linali yankho la mtundu umene ndinkaufuna, lokhala ndi waya mkati mwake komanso wolakwa wochokera kunja kwa mpanda. Ndinatsimikiza mumtima kuti ndidzatsata waya aliyense kuyambira padenga pa nthawi yeniyeni imene kulira kumayamba, kuti wakubayo ndimugwire chingwe chili m'manja.

Usiku wosankhidwawo inveta italira n'kuzima, ndinadzuka mwakachetechete osadzutsa mayi a ana. Ndinali mu kabudula wogonera, ndinadzifunda bulangete, ndipo popeza chikwama changa cha zida ndinachiiwala ku benchi, ndinafufuza mumdima chinthu choti ndiikemo mita, pulayazi ndi tepi. Chimene dzanja langa linapeza m'khitchini chinali lichero. Ndikupempha owerenga kuti aone kuti pa ntchito yonyamula zida, lichero lilibe cholakwa chilichonse, pakuti n'lopepuka, n'lotambalala, ndipo zida sizigubuduka. Ndinatsamiritsa makwerero kukhoma, ndinakwera, ndipo ndinayamba kupapasa mawaya kuseri kwa panelo ndi kuwala kwa foni, imene inali itatsala pang'ono kuzima chifukwa m'nyumba ya mmisiri wa magetsi munalibe magetsi oitchajira.

Ndili pamwambapo ndinamva chitseko cha kuseri chikutseguka. Apongozi anatuluka atanyamula mbaula, anapita pamene timasunga makala, ndipo pobwerera anaona makwerero. Anaima, anang'ung'udza kuti ana a masiku ano amaitana okha akuba, anaika mbaula pansi, anagwetsa makwerero aja mosamala n'kuwakokera kuseri kwa bafa. Zonsezi ndinkaziona nditabisala kuseri kwa panelo, ndipo ndinali ndi mpata wokwanira wolankhula. Koma munthu woleredwa bwino saitana apongozi ake usiku ali pamwamba pa mutu wawo, miyendo ili pamtunda. Ndinasankha ulemu, chitseko chinatsekedwa, ndipo foni inazima.

Za maola otsatirawo sindinena zambiri. Malata a ku Dedza usiku wa July amazizira mpaka m'mafupa, mame anawachititsa kuterera moti kudumpha kunali kudzipereka ku chipatala, ndipo nkhungu inatsika kuchokera kuphiri n'kundikuta. Ndinayesa kugogoda malata ndi pulayazi pamwamba pa chipinda chathu kuti mayi a ana adzuke, ndipo anadzukadi. Atapapasa n'kupeza kuti mwamuna wawo palibe pamphasa pamene padenga pakugogoda chinthu, anafungatira mwana, anadzifunditsa kumutu, n'kuyamba kupemphera mokweza, akutchula ndi kudzudzula mizimu yoipa imene yatenga bambo a m'nyumba. Ndikagogoda kwambiri, pemphero linkakweranso. Ndinaleka pamene ndinamva kuti ayamba kutchula maina a abale anga amene ankawakayikira. Ndipo nthawi yonseyi, pansi panga penipeni, kulira kuja kunkamveka bwino kuposa kale, mpaka kunayamba kuchepa pang'onopang'ono mbaula ija italowa m'chipinda, chinthu chimene ndinachiona koma sindinachilumikize ndi nkhani ya magetsi.

Kutangoyamba kuyera, amayi opita kumjigo anadutsa pa njira ya kuseri kwa nyumba. Woyamba anakweza maso, anaona mwamuna wosavala malaya atakhala padenga m'nkhungu, lichero lili pamiyendo, ndipo ndowa yake inagwa. Aliyense wokulira m'dziko muno amadziwa nkhani zimene zimakambidwa za ndege za lichero zimene zimathera mafuta m'njira eni ake n'kuwachera pa madenga a anthu, ndipo mayiyo sanafune umboni wina. Mfuu inamveka mudzi wonse kuti mfiti yagwa. Pasanathe nthawi yophika phala panali patadzaza anthu, ana atakwera pa chulu kuti aone bwino, ndipo mnyamata wina ankandijambula ndi foni imene ndinamusinthira galasi ine ndemwe, pa ngongole imene sanamalize kulipira.

Ndinaimirira mosamala, ndinakonza bulangete, ndipo ndinawakumbutsa anthuwo kuti m'dziko muno muli lamulo la mu 1911 limene limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, ndipo kuti wonenayo ndiye amapalamula mlandu. Bambo wina kumbuyo anayankha kuti mfiti yodziwa malamulo ndiyo yoopsa kwambiri. Ena anandizindikira kuti ndine mwini nyumba, koma zimenezi sizinandithandize, chifukwa anangogwirizana kuti ndege inali itatsala pang'ono kufika. Mayi a ana atatuluka maso ali ofiira, anaona mwamuna wawo padenga, ndipo mawu oyamba amene ananena pamaso pa gulu anali akuti usiku wonse padengapo pamagogoda chinthu.

A nyakwawa anafika atavala chikhoti, ndipo analamula kuti makwerero asabwere kaye mpaka atamva nkhani.

"Bambo, mwachokera kuti?"

"Pansi pomwepo, mfumu."

"Mumapita kuti?"

"Pano pomwe ndili, mfumu. Ndimayang'ana waya."

"Nanga lichero ndi la ntchito yanji pa waya?"

Ndinawaonetsa mita ndi pulayazi, ndipo mayi wina anati zimenezo ndiye zowongolera zake. A nyakwawa anafunsanso chifukwa chimene sindinaitanire anthu a m'nyumba usiku wonse, ndipo ine, chifukwa cha kuzizira ndi chizolowezi, ndinayankha kuti funso limenelo silikukhudzana ndi nkhani ya magetsi. Iwo anandiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti pabwalo pawo mafunso amasankha ndi iwo.

Apa m'pamene chitseko cha kuseri chinatseguka. Apongozi anatuluka atanyamula katoni yaikulu yobowolabowola, anaiika padzuwa limene linali litangoyamba kuboola nkhungu, anagwada chapatali moyang'ana kumbali kuti maso awo asakumane ndi miyendo yanga, ndipo analankhula kwa a nyakwawa ndi mawu odekha.

"Mfumu, akamwini angawa musawaganizire zoipa, si mfiti ayi. Akanakhala mfiti bwenzi magetsi awo akufika m'mawa. Ine anapiye anga atsala pang'ono kutha ndi chisanu chifukwa babu limazima pakati pa usiku tsiku lililonse, ndipo ndakhala ndikudzuka kukoleza mbaula ngati ndili kumudzi. Kwathu ku Golomoti dzuwa lomweli likuyatsa dziko, koma pano likulephera babu limodzi."

M'katonimo munali anapiye 50 a nkhuku za nyama, ndipo atamva mphepo ya m'mawa anayamba kulira onse pamodzi. Ndinawazindikira mawuwo nthawi yomweyo, pakuti ndinali nditawafotokoza kale pamaso pa amisiri anzanga monga kulira kwa inveta zing'onozing'ono za mkati mwa khoma.

Makwerero anabwera, ndinatsika, ndipo masamu ake ndinawachita ndili pa mbaula, mano akugundana. Apongozi, amene sadziwa kukhala manja ali pamiyendo, anagula anapiye a tsiku limodzi pa boma kuti aziweta pamene akulera mdzukulu. Anapiye otere sabata yoyamba amafuna kutentha kwa madigiri 32 mpaka 35, ndipo alimi amadziwa kuti babu lakale lija la kawaya mkati limatulutsa kutentha kochuluka kuposa kuwala, kotero anagula la ma watts 100 n'kulilumikiza pa soketi imene ndinawaikira ine ndi manja anga. Babu limodzi limenelo linkadya mofanana ndi mababu anga a LED 20. Likayatsidwa dzuwa litalowa, m'maola 6 okha linali litameza ma watt-hours 600, osawerengera zimene inveta imataya posandutsa magetsi, ndipo tikaonjeza za pabanja ndi batire losadzaza bwino chifukwa cha nkhungu, 1 koloko ya usiku inali nthawi yolondola ndithu yoti zonse zithe. Masana babu linkazimitsidwa, anapiye n'kukaothera dzuwa kuseri kumene mkamwini sapita, ndipo n'chifukwa chake mita yanga inkandiuza kuti zonse zili bwino. Pa za Golomoti apongozi sananame, chifukwa kumeneko kuli malo opangira magetsi a dzuwa a ma megawatts 20, okhala ndi mabatire akuluakulu osungira mphamvu, amene anayamba kugwira ntchito mu 2022. Kungoti kuyerekeza malo amenewo ndi panelo imodzi ya mkamwini n'kusowa chifundo.

Nditafunsa mayi a ana chifukwa chimene sanandiuzire, anati, "Ndinayamba kukuuzani, bambo, koma munati nkhani za amayi zidikire. Zinadikira."

Pa msonkhano wa August panalibe chifukwa choti ndifotokoze, pakuti kanema uja anali atafika kale mpaka ku Lizulu, ndipo anthu anabwera ambiri kuposa mwezi wina uliwonse, kuphatikizapo ena amene anasiya kusonkha kalekale. Msungichuma anaimirira nati mafunso a madala sanali a kunja kwa mutu ngakhale pang'ono, chifukwa sola siithera pa inveta, imathera pa chinthu chimene chalumikizidwa ku soketi, ndipo chinthucho amalumikiza ndi munthu. Anati mmisiri wabwino asanagulitse batire amafunsa amene amagona m'nyumbamo, amene amabwera pa tchuthi, amene ali ndi simbi yamagetsi yobisa pansi pa bedi, ndi amene akulota zotsegula malo ometera tsitsi pakhonde. Mmodzi wa anyamata a makompyuta anayankha kuti tikatsata njira imeneyo ndiye kuti palibe funso la kunja, popeza mtengo wa feteleza ndiwo umagamula ngati mlimi wa kachewere angathe kugula batire, ndipo Bullets ikaluza anthu amaponya mafoni pansi n'kutibweretsera ntchito. Ine ndinagwirizana ndi mnyamatayo ndipo ndinaumirira kuti lamulo lisachotsedwe, pakuti funso limodzi la nkhuku limene lapezeka kuti linali ndi waya kumapeto kwake silikuyeretsa mafunso onse a nkhuku. Ndinaonjeza kuti madala akanayamba ndi kunena kuti akukayikira babu lotenthetsera anapiye, belu silikanalira, ndipo kuti munthu wofunsa mozungulira pa msonkhano wa amisiri ali ndi gawo lake pa zotsatira. Madala anangoti sakanatha kutchula babu asanadziwe ngati kuli mlendo, ndipo sakanadziwa za mlendo popanda kufunsa.

Wapampando, amene sanaiwale K1,000 yake ya mvula ya ku Bembeke, anagamula motere, ndipo ndinalemba ndi dzanja langa. Lamulo likhalebe, koma belu lisamalire wofunsa asanamalize chiganizo ndi kupatsidwa mpata wofotokoza pamene funso lake likulowera. Nkhani za feteleza, mpira ndi misana zizikambidwa pemphero lotsekera likatha, kwa amene sakuthamangira minibasi. Nkhuku yoyenda pabwalo ndi nkhani ya kunja, koma nkhuku yolumikizidwa ku soketi iziwerengedwa pamodzi ndi zipangizo zina zonse zodya magetsi. Pomaliza, madala abwezeredwe K2,000 yawo, osati kuchokera m'kachitini, koma m'thumba la mlembi, ndipo belu likhale m'manja mwa madalawo kwa miyezi itatu.

Nditalipira, ndinakweza dzanja n'kufunsa funso limene linali litandisowetsa tulo kuyambira tsiku la padenga, lakuti kodi mkamwini angawauze bwanji apongozi kuti achepetse kagwiritsidwe ntchito ka soketi popanda kuoneka ngati akuwathamangitsa. Madala anandidikira mpaka nditamaliza chiganizo, monga mwa lamulo latsopano, anandipatsa mpata wofotokoza, ndipo ndinafotokoza kuti iyi ndi nkhani yoyendetsa bwino katundu wa pa batire. Anamvetsera mwaulemu, kenaka analiza belu. Anati anapiye ndiwo analumikizidwa ku soketi, koma apongozi sanalumikizidwe. Msonkhano unavota, ndipo dzanja lokhalo limene linakwera kumbali yanga linali langa.

Malangizo anabwera pemphero litatha, ndipo anali ochuluka kuposa amene ndinalandirapo pa nkhani iliyonse ya waya. Wina anati ndidutsitse mawu mwa ankhoswe. Wina anati ndiwagulire apongozi mphika wadothi woikamo makala, umene alimi ambiri amatenthetsera anapiye popanda magetsi, bola chipinda chizilowa mpweya. Mnzathu wa ku Bembeke anati ndingopirira, chifukwa anapiye akamera nthenga pakatha masabata anayi kapena asanu safunanso babu. Ine nditayeza njira zonsezi ndinaona kuti iliyonse ikufuna kuti pakhale kukambirana, kotero ndinasankha njira ya mmisiri, ndinakongola ndalama n'kugula batire lachiwiri ndi panelo ina, ndipo ndinaziika masana, nditavala ovolosi, makwerero atagwiridwa ndi mwana wa mlongo wanga amene ndinamulipira kuti asachoke.

Magetsi anayambanso kufika m'mawa. Patapita masiku, mayi a ana anabwera ndi uthenga wochokera kuchipinda cha kuseri, wakuti amayi akuthokoza kwambiri akamwini awo chifukwa cha khama lawo, kuti nkhuku zoyamba zija zapeza kale ogula, ndipo kuti poona kuti tsopano magetsi ndi okwanira, aitanitsa anapiye 100 ndi mababu awiri.